F Walephera

Filomena anachenjeza kawiri konse, koma Rodrick anangoseka. Anamuuza kuti foni asamaitchajitse pagolosale ya a Keziya, chifukwa mayi ameneyo maso ake sadutsa chilembo osachiwerenga, ngakhale cha papepala lokulungira sopo. Anapemphanso a Timoteyo, mmisiri womanga amene ankagwira ntchito ndi Rodrick, kuti amuthandize kulankhula naye. A Timoteyo anati sola ya a Keziya ndi yokhayo kutsidya kuno, ndipo munthu wopanda chobisa saopa kusiya foni pathebulo.

Chimene amuna awiriwo sankachilingalira n'chakuti a Keziya anali mlongo wake wa Aleck, ndipo Aleck ndiye bambo wa Pemphero, mwana wa Filomena wa zaka zitatu. Aleck anathawira ku Chipata mimba ili ndi miyezi isanu, n'kukhala chete zaka zonsezo. Anatulukira mwezi wathawu ndi njinga yamoto yofiira, atangomva kuti pali mnyamata wa kuyunivesite amene akumakhala pakhonde la a Anasi, mayi ake a Filomena, mpaka dzuwa kupendeka.

Rodrick anabwera kudera la Mkanda chifukwa cha mtsinje wa Kaweche. Dzinja lililonse mtsinjewo ukadzaza, midzi ya kutsidya imatsala yokha. Ambulansi imabwerera panjira, chimanga cha thandizo chimadikira mpaka kumera m'matumba. Iye ankafufuza ngati phulusa la makoko a mtedza lingalowe m'malo mwa gawo lina la simenti, kuti anthu amange kamlatho kolimba ndi zinthu za pakhomo pawo. Mnzake wa kusukuluko, Esitere, ankafufuza za m'mene mankhwala ndi chakudya zingafikire anthu misewu ikaduka. Filomena anapatsidwa ntchito ziwiri: kutsogolera amayi ootcha makoko, komanso kuwerenga mtengo wopakidwa penti umene unazikidwa m'mphepete mwa madzi, m'mawa ndi madzulo, n'kulemba m'kope.

Mtengowo ankauyang'anira ngati mwana wodwala. Pemphero anabadwira pagombe lomwelo, m'ngolo, madzi atakana kuti awoloke kupita kuchipatala. Tsiku limene anafotokozera Rodrick nkhaniyi, mnyamatayo sanalembe kanthu monga ankachitira pofunsa anthu ena. Sabata yotsatira anabwera ndi tijombo tachikasu ta mwanayo. Chikondi chinayambira pamenepo. Tsopano amalume ake a Rodrick anali oti abwera kudzagogoda kumapeto kwa mwezi.

* * *

Lachitatu madzulo Filomena anabwera kuchokera kootcha makoko tsitsi ndi nsidze zili mbuu. Asanafike pabwalo anaona kale kuti zinthu sizili bwino. Atsibweni ake, a Alufeyo, anali atakhala pampando wa alendo, chipewa chili pabondo. Mayi ake anali pamphasa akuyang'ana zala zawo. Pambali panali a Keziya, atagwira foni ndi manja awiri ngati dzira.

"Alamu, khalani pansi," anatero a Keziya. "Ine za eni sindilowerera, mukundidziwa. Koma magazi a mlongo wanga ali pakhomo pano, ndiye sindingaone njoka n'kungokhala chete."

Anafotokoza kuti foni ya Rodrick inayaka yokha ili pashelefu, ndipo maso awo anangogwerapo mwangozi. Ngoziyo inawapatsanso nthawi yojambula uthengawo ndi foni yawo. Anamupatsa Filomena kuti awerenge yekha. Unali uthenga wa Rodrick wopita kwa a Timoteyo.

*A Timoteyo, F walephera. Kunja akuoneka bwino koma mkati ndi wofooka, katundu wamuchulukira. Ndamusiya. Ndasankha E, ndipita naye ku Lilongwe mawa. Anthu a kumudzi musawauze kaye, angakhumudwe.*

Pansi pake panali yankho la a Timoteyo: *Ndinakuuzani kale bwana, F ameneyo phulusa lachuluka.*

Filomena anawerenga katatu. Kachitatuko anaona chala chake chitasiya chidindo chotuwa pagalasi la foniyo, ndipo anabisa dzanjalo m'chitenje. Anakumbukira tsiku limene Esitere anamusasa paphewa pamaso pa Rodrick, n'kunena moseka kuti phulusa likumukhala bwino kuposa pawuda. Anakumbukiranso amayi a pamjigo, amene akamanena za mkazi woti ali ndi mwana kale amangoti ali ndi katundu.

A Alufeyo sanakweze mawu. Anati iwo anaona kale anyamata a masukulu otere, amabwera ndi mvula n'kupita ndi chilimwe. Anati Aleck analakwa, palibe akukana, koma wabwerera ndi miyendo yake, wapeza ukapitawo kuesiteti ya fodya, nyumba ya malata ilipo, ndipo mwana ndi wake. Ankhoswe a kwawo anabwera kale kawiri, iwo n'kumawabweza chifukwa cha mlendo woti dzina la munthu akuchita kulidula pakati ngati chimanga chootcha.

"Ndiwayankhe chiyani anthu aja?" anafunsa.

Filomena anati awapatse tsiku limodzi. Mayi ake anangokoka Pemphero, amene ankasewera ndi tijombo take, n'kumukhazika pamiyendo.

* * *

M'mawa mwa Lachinayi anapita kumtengo monga mwa nthawi zonse. Madzi anali pa chizindikiro chachiwiri. Analemba nambalayo molakwitsa, n'kufufuta, n'kulakwitsanso. Mumtima ankadziuza kuti pali ma F ambiri padziko, pali a Fatsani, a Flora, a Felesiya. Koma ankati akafika pa E, mayina ankamuthera.

Kenako anamva galimoto kutsidya. Inali pikapu yoyera ya kafukufuku, kumbuyo kuli katundu wokutidwa ndi lona. Rodrick ndiye ankayendetsa, Esitere ali pampando wakutsogolo, magalasi akuda ali pamphumi. Rodrick anaimitsa pang'ono, anaimba hutala kawiri, n'kukweza dzanja. Anakuwa zinazake zokhudza Lamlungu, koma mkokomo wa madzi unameza mawuwo. Esitere nayenso anakweza dzanja, zala zokha zikugwedera. Galimoto inapita.

Filomena anakhala pamwala n'kutulutsa foni. Analemba uthenga wautali, anaufufuta. Analembanso wina wotukwana, anaufufutanso. Umene anatumiza unali waufupi.

*Ndawerenga zonse za F ndi E. Muyende bwino ndi amene mwasankhayo.*

Yankho linabwera asanafike kunyumba.

*Aa, wakuuza ndani? Ndimafuna ndidzakuuze ndekha. Usakhumudwe Filomena, ndikudziwa kuti unavutika kwambiri. Koma E ndi wolimba, sindingachitire mwina. Zinthu izi sitisankha ndi mtima.*

Anaima pakati pa njira, pakati pa minda ya mtedza, mpaka mwamuna wina wa kabaza anachita kumuimbira belu. Ndiye kuti sakukana n'komwe. Ndiye kuti ankafuna adzamuuze yekha, mwaulemu, mwina atakhalanso pakhonde lomwe lija akumwa thobwa la mayi ake. Analemba uthenga womaliza.

*Amalume anu asavutike kubwera. Loweruka ndikubwerera kwa bambo ake a mwana wanga. Musandiimbirenso.*

Anazimitsa foni n'kuiponya pansi pa chikwama. Sanapite kunyumba. Anadzera kwa a Alufeyo, amene anawapeza akusoka fodya m'chigafa, n'kuwauza kuti ankhoswe a kwa Aleck abwere.

* * *

Mawu abwino amayenda pansi, koma amenewa anakwera njinga yamoto. Dzuwa lisanapendeke Aleck anali atafika, atanyamula shuga ndi buledi. Anakhala pampando miyendo ili tang'a, ngati munthu amene sanachokepo. Anaitana Pemphero kuti abwere kwa adadi, koma mwanayo anathawira kumbuyo kwa agogo ake n'kumasuzumira ndi diso limodzi.

"Manje zatha izo," anatero Aleck, ndi Chinyanja chake cha ku Chipata. "Ndinangochoka pang'ono chabe, iwe n'kuyamba kutengeka ndi aphunzitsi a phulusa."

Anati Loweruka ankhoswe akangomaliza kulankhula, iye amutenga tsiku lomwelo kupita naye kuesiteti, za chikamwini iye sachita. Anaona kope lili pawindo, analitsegula, n'kuseka manambala a madziwo. Anati pepala lake ndi labwino kuyatsira mbaula. Ataona tijombo anafunsa kuti anagula ndani.

Filomena ankangomuyang'ana manja. Anali manja omwe aja amene anamulonjeza kuti abwera sabata yamawa. Anadikira kuti mwina afunsa za tsiku limene mwana anabadwa, kapena kuti ali ndi chipsera chanji pamwendo. Aleck anafunsa za nkhuku, kuti ndi zingati zimene zili za Filomena.

* * *

Lachisanu anadzuka mtima uli m'malere. Anaganiza zoti kope ndi tijombo zisagonenso m'nyumbamo. Anasiya mwana ndi mayi ake, anawoloka madzi akulekeza m'mawondo, n'kukwera kabaza mpaka pa Mkanda. Kumeneko a kafukufuku ankachita lendi shedi kuseri kwa chigayo. Filomena anali asanapondeko, chifukwa mayi ake anamuletsa kuti mkazi woyembekezera ankhoswe saonekera kumalo ogona mwamuna.

Anapeza a Timoteyo atapinda malaya, akuvuula mabuloko a konkire mumgolo wa madzi n'kumawandandalika pathabwa. Anamulonjera mwansangala, koma iye anayankha mozizira. Anaika kope ndi tijombo pathebulo n'kunena kuti akapereke kwa eni ake.

"Mwatani kodi, amake Pemphero?"

"Palibe. Phulusa langochuluka, monga munanenera."

A Timoteyo anapukusa mutu mwachisoni. Anati ndiye kuti nkhani yafika kale kumudzi, chonsecho bwana anati asaulule. Anati iwonso zinawapweteka, poti amayi anapsa manja miyezi iwiri. Koma makina sanama. F anaphwanyika katundu asanafike ndi theka lomwe.

"Anaphwanyika?"

"Ee, ndi uyo ali pakonapo. Mukamuone nokha."

Filomena anatembenuka. Pakona panali mulu wa zidutswa za konkire, zotuwa kuposa zinzake. Pachidutswa chachikulu panali chilembo cha penti yofiira. Anayang'ana pathabwa paja. Buloko lililonse linali ndi chilembo chake: A, B, C, D. Pamalo a E panali mpata, chidindo cha madzi chikuonekabe.

A Timoteyo, osadziwa kanthu, anapitiriza kuphunzitsa. Anati A ndi simenti yokhayokha, B ali ndi phulusa pang'ono, n'kumachulukira choncho mpaka F, amene anali ndi phulusa lambiri zedi. Bwana ankafunitsitsa F apambane, chifukwa ndiye akanapepukira anthu a kumudzi. Koma atamupanikiza ndi makina anangoti phwa. E ndiye wapirira, ndipo apita naye ku Lilongwe kuti akamuyese pamakina aakulu.

Filomena anakhala pathumba la mchenga. Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka china chimene a Timoteyo anachita nacho mantha, mpaka anathamanga kukatunga madzi akumwa. Atawafotokozera zonse, mmisiriyo anagwira pakamwa nthawi yaitali.

"Ndiye inu mumati F ndinu? Mayi, bwana uja akamatchula dzina lanu satha ndi kulidula komwe. Amalitchula lonse, mpaka ife timatopa."

"Nanga bwanji sanandiuze kuti amawapatsa zilembo?"

"Nanga inu munafunsa?"

* * *

Anayatsa foni. Munali mauthenga asanu ndi awiri a Rodrick, ndi mafoni ophonya osawerengeka. Woyamba unkafunsa kuti akutanthauza chiyani. Wachitatu unkati ngati ndi nthabwala, yapitirira. Womaliza unalembedwa m'mawa womwewo.

*Ndamva. Ngati wasankha bambo a mwana, ine sindingalimbane ndi magazi. Umpsompsone Pemphero.*

Anaimba pomwepo. Inaitana kanayi, ndipo amene anayankha anali mkazi.

Esitere anayankhula mwaulemu wonse. Anati Rodrick wasiya foni m'galimoto, ali mu ofesi ya aphunzitsi ake. Anati kumunsi kwa Shire madzi asefukira, akufuna anthu okathandiza kwa miyezi itatu, ndipo Rodrick, amene sabata yatha anakana, lero wapempha yekha kuti apite. Galimoto inyamuka mawa masana. Ntchito ya ku Kaweche amaliza a Timoteyo.

Filomena anayesa kufotokoza za mabuloko, mawu akupunthwana. Kumbali inayo kunamveka kaphwete kakang'ono.

"Ndiye mumaganiza kuti E ndine? Zikomo pondikweza. Komatu mayi, munthu mwamuuza nokha kuti asakuimbireninso. Usiku wonse sanagone. Mukufuna mumubwezerenso pamoto pomwe paja?"

"Mungomuuza kuti ndaimba. Chonde."

"Ndimuuza ndikapeza mpata. Tili ndi zambiri zolongedza, inenso ndikupita nawo."

Foni inaduka. Filomena anaimbanso, koma inali itazimitsidwa. A Timoteyo anayesa ndi yawo, chimodzimodzi. Anatumiza uthenga, koma onse awiri ankadziwa dzanja limene foniyo inali. Filomena anali atamva bwino mawu akuti mpata aja. Mkazi amadziwa mkazi mnzake akamanena chinthu chimene sadzachita.

A Timoteyo anati akwere minibasi pompano, akagona ku Lilongwe kwa mwana wawo wamkazi. Filomena anayang'ana msewu wa ku Lilongwe wodzera pa Kamwendo, n'kuyang'ananso njira ya kwawo. Pemphero anali kutsidya. Akapanda kubwerera, mawa Aleck adzapeza mwana ali yekha ndi agogo ake, ndipo njinga yofiira ija imakwana bwino munthu mmodzi ndi kamwana patsogolo.

Anatola kope ndi tijombo pathebulo paja. A Timoteyo anamulembera pachikuto dzina la malo amene galimoto ya ku Shire idzanyamukire.

* * *

Anafika kumudzi dzuwa litafiira. Pabwalo panali posesedwa mpaka kunjira. A Keziya anali atabweretsa mipando inayi ya pulasitiki, ndipo ankalangiza atsikana pokaiika. Atamuona anamuitana kuti mlamu wanga weniweni, n'kufunsa ngati kope lija wakabweza. Filomena anati shedi anaipeza yotseka.

Anapita kwa a Alufeyo n'kugwada. Anawafotokozera za mabuloko, za zilembo, za makina. Atsibweniwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati akufuna kuti iwo, munthu wa imvi, akaime pamaso pa ankhoswe a eni n'kunena kuti pepani, tinasokoneza mwana wathu ndi njerwa. Anati mawu anatuluka kale, ndipo anatuluka m'kamwa mwa Filomena yemwe, palibe anamukakamiza. Ngati mnyamatayo ndi woona, bwanji akuthawira ku Shire m'malo mobwera kuno?

Funso limenelo linamutsatira mpaka kumtsinje, kumene anapita kukawerenga mtengo. Madzi anali akadali pa chizindikiro chachiwiri, odekha ngati sadziwa kanthu. Koma atakweza maso kumadzulo, kumapiri a kumalire, anaona thambo litada bii, mizere ya mvula itatsika ngati nsalu yoyanikidwa. Mphenzi inang'anima kawiri popanda phokoso.

Anatsegula kope. Miyezi itatu ya manambala ake inali pamenepo, ndipo ankaidziwa ngati nyimbo ya kutchalitchi. Mvula yotere ikagwa kumapiri dzuwa likulowa, madzi amafika pa Kaweche tambala wachiwiri atangolira. Akafika amakwera mpaka chizindikiro chachisanu ndi chimodzi, ndipo palibe njinga, ngolo kapena munthu amene amawoloka kwa masiku awiri, nthawi zina atatu. Zinachitika kasanu, ndipo kasanu konse Rodrick anamuyamikira kuti kope lakelo lidzapulumutsa anthu.

Esiteti ya Aleck inali tsidya lomwelino. Ankhoswe ake sankasowa kuwoloka. Wosowa kuwoloka anali iye yekha. Akadikira kuti kuche, mtsinje udzamutsekera mkati pamodzi ndi mipando inayi ija. Akawoloka tambala woyamba, mtsinje womwewo udzatseka kumbuyo kwake.

Nanga madzi akafulumira? Anayang'ana tsamba la mwezi watha. Tsiku lina anafika msanga ndi ola lathunthu. Anayang'ana pagombe pamene ngolo inaima zaka zitatu zapitazo. Nanga akafika ku Lilongwe n'kupeza Rodrick atamva kale zina kwa Esitere? Nanga akamuyang'ana n'kunena kuti munthu wokhulupirira a Keziya kuposa iye, ndi wofookadi mkati?

Analemba nambala ya madzulowo, n'kutseka kope.

Kunyumba anasambitsa Pemphero msanga. Anapinda zovala zitatu za mwanayo, buku la kusikelo, ndi diresi lake lobiriwira, n'kuzikulunga m'chitenje chimene anakankhira kuseri kwa dengu. Tijombo anatiika pafupi ndi chitseko. Ankaganiza kuti palibe akumuona, koma atatembenuka anapeza mayi ake ataima pakhomo la chipinda, tochi ili m'manja. Inali tochi yomwe ija imene anaunikira nayo m'ngolo tsiku lobadwa Pemphero.

A Anasi anayang'ana dengu, anayang'ana tijombo, n'kuyang'ana mwana wawo. Anafunsa ngati kumapiri yagwa. Filomena anati yagwa. Anafunsa kuti madzi afika nthawi yanji, ndipo iye anawauza.

"Uli ndi chitsimikizo ndi manambala akowo?"

"Kasanu sanandinamize, amayi."

"Nanga kachisanu ndi chimodzi?"

Kunja a Keziya ankaseka ndi atsikana, akukambirana za nkhuku yoti iphedwe m'mawa. Kutali kunamveka kugunda koyamba kwa bingu.

A Anasi anaika tochi pamwamba pa dengu, n'kutembenuka kuti atuluke. Atafika pakhomo anaima, osacheuka.

"Mwana umubereke kumsana, usamugwire padzanja. Ndipo chitseko ichi chimalira. Potsegula uzichinyamula pang'ono."